Eriyo ya pa mtengo wa mango

Lachiwiri, Senga Bay

Madala oyandikana nawo nyumba andifunsa funso masana ano, mpaka pano likundizungulirabe m'mutu.

Anandipeza nditatsitsa pa mtengo wa mango eriyo ya wailesi yanga yolankhulirana ndi anthu akutali, kuti ndiifupikitse. Ndi dipole wamba ya bandi ya mamita 20: mawaya awiri a kopa, pakati pake kachidutswa ka paipi ya PVC kobowola ndi msomali wamoto, kenako coax ya RG-58, chingwe chopita ku wailesi, yotsikira pa windo la kuchipinda. Masamu a kutalika kwake ndi osavuta. Ukagawa 143 ndi 14.2 MHz, pomwe ndimafuna kumalankhulira pa wailesi, umapeza mamita 10 ndi pang'ono, ndiye kuti mamita 5 mbali iliyonse. Ine ndimadula motalikirapo dala. Nditayeza, SWR, nambala yomwe imatsika eriyo ikagwirizana bwino ndi wailesi, inkatsika bwino cha pa 13.8 MHz, pomwe bandi yathu imayambira pa 14.000 kukalekeza pa 14.350. Waya watalika ndiye kuti. Pankafunika kuchotsa masentimita pafupifupi 14 uku ndi uku, koma ine sindidula, ndimapinda nsonga n'kuizengereza pa waya womwewo, chifukwa ukaikwezanso m'mwamba nambala zimasinthanso. Masamba, malata a denga, ngakhale kutalika kwake kuchokera pansi, zonsezi zimaikoka.

Ndili chigwadire ndi pulayazi m'manja, thukuta lili kamukamu ndi dzuwa la Okutobala lino, ndinangomva, “Odi aphunzitsi. Chingwe chanuchi, mvula ikayamba sichitiitanira mphenzi?”

Ndikanatha kungoti ayi bambo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma si zoona kwenikweni. Waya wa kopa uli m'mwamba ndi waya wa kopa basi. Ndinawauza kuti kukangochita mdima cha kunyanja ndimamasula coax ku wailesi n'kuiponya panja, komanso ndinakhomera chitsulo pansi kuseri kwa nyumba. Anagwedeza mutu n'kuti, “Ndiye mwavomera kuti n'choopsa.” Kenako anakhala pa chitsa, kusonyeza kuti sachoka msanga.

“Nanga usiku timakumvani mukufuula manambala, mumalankhula ndi ndani?”

Apa ndinayamba kudzitama pang'ono. Ndinati chizindikiro cha Malawi pa wailesi zimenezi chimayamba ndi 7Q, ndipo popeza tilipo ochepa, ukangoitana, anthu a ku Italy, Japan ngakhale Brazil amakuunjikira ngati ukugawa kanthu. Mawu amakagunda kumwamba kwenikweni, ku ionosphere, n'kukagwera kutali, osadalira netiweki ya foni, osagula bando.

“Mumakambirana chiyani?”

Ndinati timauzana chizindikiro, kuti ndikukumvani 59, kutanthauza bwino kwambiri, dzina, komwe uli, kenako 73, komwe kuli kutsanzikana.

“Basi?”

Basi, bambo.

“Amakulipirani?”

Ayi. Chiphaso ndimachita kulipira ndine ku MACRA, ndipo wailesi zamtunduwu salola kuchitirapo malonda.

Anaseka mpaka kutsokomola. Munthuyu wakalambira pa nyanja, ndiye anati, “Aphunzitsi, ukonde woti mukudziwa kuti subwera ndi usipa, mumauponyeranji?”

Ndinayankha zambirimbiri, zoti pakagwa ngozi netiweki n'kuzima wailesi ngati iyi imagwirabe ntchito ndi batire la galimoto, zoti ana a sukulu amamvetsa bwino sayansi akaona ndi maso. Zonsezo ndi zoona, koma ngakhale ndikuzinena ndinkadzimva ndekha kuti si chifukwa chake chomwe ndimakwerera mumtengo munthu wamkulumkulu, nyerere zikundiluma m'khosi. Chomwe chimandikoka ndi kamphindi kaja singano ya mita ikamatsika waya utafika muyeso wake, chinthu choti ndapanga ndekha ndi zotolatola. Koma zimenezo ungamuuze bwanji munthu amene akuda nkhawa ndi denga lake laudzu?

Mwina n'kutentha komwe kukundikwiyitsa. Masiku ano chilichonse chikundinyansa, ngakhale wailesi yomweyo. Kukangoda, pabandi ponse pamadzaza phokoso la zzzz, ndipo ndikukayikira inveta ya sola ya nyumba ina pafupi pano, chifukwa limayamba nthawi yomwe iwo amayatsa TV. Kukawauza ndiye ayi, ndingaonjezere mlandu wina pamwamba pa wa mphenzi.

Eriyo ndinaikweza dzuwa litapendeka. SWR yafika 1.3 pa 14.2, ndipo sindiigwiranso. Mbali ya ku nsungwi yatsika pang'ono kuposa ya ku mango, koma zimenezo zidikire mphepo ikadzaleka.

Pochoka madala aja anati mawa akadya nsima yamadzulo abwera kudzamva okha “anzanu a ku Japan aja”. Za mphenzi sanazitchulenso, komanso sananene kuti nkhaniyo yatha. Ndayatsa wailesi kuti ndione mmene kulili nthawi ngati yomweyo, ndipo kuyambira pa 14.150 mpaka kumapeto ndi zzzz yekhayekha.