Zikomo inu amene munandiphunzitsa kutsika phiri

Sabata yathayi ndafikanso pansonga pa phiri, koyamba chivulalireni bondo lakumanja, ndipo ndatsika ndi miyendo yanga popanda wondinyamula. Ndati ndithokoze pagulu, chifukwa amene anandithandiza ndi ambiri.

Dokotala wanga wa mafizo, zikomo kwambiri. Ndinu munandiuza kuti chitunda chimatopetsa mtima ndi mapapo, koma chimene chimadya mawondo ndi kutsika. Mwendo ukaponda pansi potsetsereka, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira mabuleki uku ikutamuka, ndipo bondo limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kangapo. Ndi chifukwa chake kuphwanya kwa miyendo kumakula patatha maola 24 mpaka 72, munthu uli kale kunyumba. Munandiimika pa sitepe imodzi, n'kumati nditsitse chidendene pang'onopang'ono, bondo lisagwere mkati. Zinkaoneka ngati zachibwana, thukuta lili kamukamu. Munandikumbutsanso malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, a mu 2020, akuti amene tafika zaka 65 tizichita masewera olimbitsa minofu ndi oletsa kudzandira masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata. Amenewo sindiphonya, ngakhale kuimirira ndi mwendo umodzi kumandinyansabe.

Mwana wanga, ndodo ziwiri zija unandigulira ndinazilandira ndi nkhope yakugwa, unaona wekha. Pano ndimazitalikitsa pang'ono potsika, kuziponya kutsogolo, kenako phazi n'kutsatira. Chikwama unachikhuthula pansi n'kuchotsamo zonse zimene ndinkanyamula mwachizolowezi chabe. Mapewa ndi mawondo akukuthokoza.

Koma anzanga oyenda nawo, inu ndiye mwandigwira mtima. Mumakonda liwiro, ndikudziwa, komabe munavomera kunyamuka kusanache kuti tisamathamangitsane ndi mdima. Munavomera kuti tipangane ola lobwerera tisanayambe ulendo, kaya tafika pamwamba kaya ayi, ndipo tsiku lina tinabwereradi nsonga tikuiona apo, palibe anang'ung'udza. Pa thanthwe lina loterera, mmodzi wa inu anatsogola n'kumandilozera popondapo, wina ali kumbuyo kwanga atagwira lamba wa chikwama, osakoka, kungogwira basi. Ine ndikutsika cham'mbali, masitepe aafupiafupi, mawondo opinda pang'ono, zingwe za nsapato zomangitsa kuti zala zisamagunde kutsogolo. Pamene kale ndinkadumpha, tsopano ndimakhala pansi n'kutsetsereka ndi matako, ndipo manyazi ake anatha kalekale.

Enanu amene munkandiimbira foni ndili chigonere, ngakhale aja munkati zamapirizi ndizisiye ndakula, zikomo, ndikudziwa munkanena mwachikondi. Mwezi wamawa tikupitanso, njira yokhotakhota yosatsetsereka kwambiri. Amene mawondo akukuvutani ndipo dokotala wakulolani kuyenda, tiyeni limodzi, malo kumbuyo kwa mzere alipo.