Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Chaka chimene ndinapereka Kadzidzi kwa atolankhani

Ndachedwa, ndikudziwa. Papita masabata atatu chilembereni gawo 13, moti ena mwafika pondifunsa ngati ndikudwala. Sindikudwala. Gawo lino ndalilemba kanayi, kanayi konse n'kufufuta. Zikomo amayi inu a ku Kitwe amene munati, "lemba ukakonzeka mwanawe, ife sitikuthawa." Mawu anu ndinawawerengera m'basi ya ku Chilenje, kondakitala mpaka anandifunsa ngati kwagwa maliro.

Tinalekezera pamene Azakhali a ku Matero anagulitsa mabelo awiri a salaula, zovala za kaunjika zija, kuti ndilipire fizi ya chaka chachitatu. Munali mu 2017. Kadzidzi mukumukumbuka, mnzanga wa bedi lapamwamba uja ankawerenga ndi tochi ya foni mpaka atambala kulira. A Jekete mukuwakumbukanso, aphunzitsi aja anatiuza tsiku loyamba kuti m'kalasi mwawo A ndi wa Mulungu, B ndi wawo, ife tizilimbirana C. Dzina la yunivesite sinditchula, ndipo inu amene mukungoponya mayina m'makomenti, lekani. Mu Lusaka mayunivesite ndi ambiri, aboma ndi ena omwe si aboma, ndipo atsikana amene amandilembera sachokera kumodzi.

Makisi a CA, a mayeso a mkati mwa teremu, atakhomedwa pa bolodi, kutsogolo kwa nambala ya Kadzidzi kunalibe kanthu. Chonsecho mayeso onse awiri analemba, tinali pa benchi imodzi. Atakafunsa, a Jekete anati abwere ku ofesi Lachisanu 17 koloko adzafunefune limodzi pepalalo.

Anabwerako cha m'ma 19. Malaiti kunalibe, ine ndinali pakhonde ndikukazinga kapenta pa mbaula. Anandidutsa osandipatsa moni, n'kutenga ndowa. M'bafa anakhalamo nthawi yaitali mpaka atsikana a chipinda china anayamba kugogoda. Atatuluka anatunganso ndowa ina, n'kubwereramo. Ndinamuikira nsima, sanaikhudze. Anakhala pansi pakhomo ndi beseni, n'kuyamba kuchapa siketi yake yakuda ndi bulauzi, akufinyira Boom wambirimbiri ngati akuchapa bulangeti. Ndinamuseka. Ndinati, "Iwe, usiku uno? Sopo ameneyu tinasonkherana, usamalize." Sanayankhe. Manja ake ankanjenjemera, ndiye ndinamulanda beseni, ndinatsukuluza ndekha zovalazo, ndinazifinya, n'kukaziyanika pa waya kuseri. Zapanti anali atazikulunga m'pepala. M'mawa ndinamuona akuziponya pa mbaula.

Usiku umenewo tochi sinayake pa bedi lapamwamba. Ndinkamva kuti sakugona, chifukwa bedi lija linkalira munthu akangotembenuka, koma linali zii usiku wonse. Munthu wagona tulo amatembenuka.

Anandiuza Lachitatu, tikuchokera kogula tomato. Anangoima panjira n'kunena kuti, "Anakiya chitseko." Zotsalazo anazinena pang'onopang'ono, maso ali pa tomato. Sindizilemba pano. A Jekete anamugwiririra, basi.

Kuyambira Lachisanu mpaka Lachitatu ndi masiku 5. Panthawiyo sindinkadziwa kuti mankhwala a PEP, oteteza munthu ku HIV akagwiriridwa, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Sindinkadziwa kuti mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amathandiza mpaka maola 120 okha, moti tsiku limene ankandiuzalo linali lomaliza. Sindinkadziwanso kuti zovala zija ndinatsukuluza ndi manja anga zinali umboni. Tinali ophunzira a pa yunivesite, odziwa kulemba ma assignment a masamba 20, koma izi palibe anatiuzapo. Sabata yolandira atsopano anatiuza za laibulale ndi chindapusa cha kutaya ID.

Ine ndi amene ndinamukakamiza kuti tipite kwa a Dean oona za ophunzira. Anatilandira bwino, anatipatsa mipando, anati pepani. Kenako anati Kadzidzi alembe zonse papepala, asayine, ndipo asauze munthu wina aliyense chifukwa nkhani ngati imeneyi ili ndi njira zake. Za chipatala sanatchule. Za polisi ndinatchula ndine, iwo n'kuyankha kuti, "Ndi ufulu wanu, koma mukapita kumeneko ife manja athu amangika. Tiyeni tiyambe tathana nazo m'nyumba muno." Tinaona ngati ndi malangizo a kholo.

Sabata yotsatira makisi a Kadzidzi anatulukira pa bolodi, olembedwa ndi bolopeni: 31 pa 40. Pepala lotayika lija linapezeka lokha.

Komiti inakumana patapita miyezi iwiri. Miyezi iwiri yonseyo a Jekete ankalowa m'kalasi Lolemba ndi Lachinayi, kuitana mayina, kufika pa la Kadzidzi n'kulitchula mokoka. Iye anasiya kubwera. Ine ndinkamulembera manotsi.

Tsiku la komiti ndinaitanidwa ngati mboni. Chipinda chinali ndi tebulo lalitali, mabotolo a madzi ndi mbale ya mabisiketi. Anthu analipo asanu, mzimayi mmodzi. Awiri mwa iwo ndinkawaona tsiku ndi tsiku akudya nkhomaliro ndi a Jekete. Kadzidzi analowa yekha, anamukaniza kulowa ndi munthu. A Jekete analowa ndi mnzawo wa ku ntchito komanso fayilo ya mapepala otayipa. Nthawi yanga itakwana, wapampando anandifunsa kuti, "Inu munalimo mu ofesimo?" Ndinati ayi. Anati, "Nanga mwabwera kudzachitira umboni chiyani?" Ndinafotokoza za ndowa ziwiri zija, za kuchapa usiku, za bedi lomwe silinalire. Wina anaseka pang'ono, akumatula bisiketi. Mayi uja ndi amene ndinkamuyang'ana kwambiri, ndikuganiza kuti ameneyu atimva. Atatsegula pakamwa anafunsa kuti siketi imene ndinachapayo inali yofika pati.

Kadzidzi anamufunsa chifukwa chake anavomera kupita ku ofesi ya mwamuna 17 koloko, chifukwa chake sanakuwe, chifukwa chake anadikira masiku asanu, komanso ngati ali ndi chibwenzi. Pomaliza anamuuza kuti makisi ake wawapeza kale, ndiye aganizire bwino ngati akufuna kuwononga banja la munthu wa ana anayi. Anati yankho lidzabwera pa kalata.

Kalatayo sinabwere. Tinkapita ku ofesi Lachisanu lililonse, a sekiritale n'kumatiuza kuti nkhani ikufufuzidwa. Mayeso omaliza anayandikira, ndipo wochonga pepala la Kadzidzi anali a Jekete omwewo.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino, makamaka iwe amene tinali kalasi imodzi, umene unalemba pansi pa gawo 12 kuti ndinkafuna kutchuka. Ndakuzindikira ngakhale wasintha dzina. Iwe unali m'gulu la WhatsApp lija, ndipo ndikukumbuka chimene unatumizamo. Kutchuka sindinkakufuna. Ndinali nditatopa kumva munthu akulira chamumtima pamwamba panga usiku uliwonse. Koma cholakwa changa chenicheni sindicho ukunenacho. Cholakwa changa n'chakuti Kadzidzi sindinamufunse.

Ndinalembera mtolankhani wa tsamba lina la nkhani la pa Facebook, lomwe panthawiyo aliyense ankaliwerenga. Tinakumana m'tauni pafupi ndi Kulima Tower, anandigulira chakumwa, anamvetsera mwaulemu. Analonjeza kuti dzina satchula. Anapempha umboni, ndipo ine ndinamutumizira zithunzi za mauthenga amene a Jekete ankatumizira Kadzidzi usiku, zomwe Kadzidzi anandipatsa kuti ndimusungire foni yake ikadzatayika.

Dzina sanatchuledi. Anangolemba kuti wophunzira wa chaka chachitatu, wa maphunziro akutiakuti, wochokera boma lakutilakuti, wa zaka 22. M'kalasi mwathu wochokera boma limenelo anali mmodzi. Pa chithunzi cha mauthenga anafufuta nambala ya a Jekete ndi dzina lawo, poopa kusumiridwa, koma pa uthenga wina m'munsi, pamene a Jekete anamutchula Kadzidzi dzina lake loyamba, sanaone kapena sanasamale. Mutu wa nkhani sunanene za kugwiriridwa. Unati wophunzira ndi mphunzitsi akanganirana makisi a pabedi.

Pofika madzulo makomenti anali atadutsa 2,000. Ena anati mtsikanayo anagwirizana naye mtengo, wakwiya chifukwa sanalipidwe. Ena anapeza chithunzi chake cha pa ukwati wa msuweni wake n'kuchiika pomwepo, akukambirana thupi lake. Analipo omumvera chisoni, koma ankamira. M'mawa mwake wailesi ina inatsegula mafoni, anthu akuimba kuchokera ku Kanyama ndi ku Kabwata kudzaweruza munthu amene sanamuonepo. Bambo wina anati atsikana a masiku ano amavala dala kuti agwetse aphunzitsi, woulutsa mawu n'kuseka. Ine ndi Kadzidzi tinkamva zimenezi kudzera pa khoma, pa wailesi ya oyandikana nawo.

Sananditukwane. Anangofunsa kuti, "Ndiwe?" Ndinavomera. Anatsika pa bedi, n'kuyamba kulongedza mabuku m'chikwama.

Yunivesite imene inalephera kulemba kalata imodzi pa miyezi inayi inatulutsa chikalata kwa atolankhani tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Inati silekerera nkhanza zamtundu uliwonse, nkhaniyo ikufufuzidwa, ndipo anthu apewe mphekesera. A Jekete anapatsidwa tchuthi. Ine ndinalandira kalata yanga pasanathe sabata, yondiitana kuti ndikayankhe mlandu woipitsa mbiri ya sukulu. Anandichenjeza komaliza. Mtolankhani uja ndinamuimbira kuti achotse chithunzi, anati akambirana ndi abwana. Patapita masiku atatu tsambalo linali pa nkhani ina, ndipo foni yanga anasiya kuyankha.

Amayi ake a Kadzidzi anabwera ndi basi ya usiku, ndinakawachingamira ku Intercity. Nkhaniyi anaimva kwa mzimayi wa kutchalitchi kwawo amene anawaonetsa pa foni. Njira yonse sanalankhule. Titafika, anakhala pa bedi langa, anakonza chitenje chawo, n'kundiyang'ana.

"Mwanawe, anakutuma ndani?"

"Palibe, amayi. Ndimafuna kumuthandiza."

"Wamuthandiza?"

Ndinagwada pansi, mawu anandithera. Madzulo ake Azakhali a ku Matero anabwera kudzapepesa m'malo mwa banja lathu. Potuluka anandikokera pambali n'kunena kuti walira mvula walira matope, koma vuto langa n'lakuti matopewo ndinaponyera mwana wa eni.

Amayi ake a Kadzidzi omwewo ndi amene anatitengera ku polisi, ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kumene tikanayambira. Wapolisi wamkazi anatikhazika m'kachipinda kapadera, anapatsa Kadzidzi fomu yopita nayo kwa dokotala, ndipo anatiuza za One Stop Centre, malo amene amapezeka m'zipatala zina kumene namwino, wapolisi ndi mlangizi amakhala pamodzi kuti munthu asamafotokoze nkhani yake m'maofesi asanu. Anatiuza kuti kugwiririra si nkhani ya komiti ya pasukulu, ndi mlandu umene chilango chake chimayambira zaka 15 m'ndende mpaka moyo wonse. Kwa iye ndi kumene ndinamva koyamba za lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011, komanso kuti kuyambira 2016 ku Kabwe ndi ku Lusaka kuli makhoti ofulumizitsa milandu ya nkhanza zotere. Anatilembera nambala yaulere ya 933 kuseri kwa risiti. Kenako anafunsa za zovala. Ndinayankha ndine.

Anati mlandu suola, Kadzidzi atha kupitiriza ngakhale papita miyezi. Kadzidzi anati anthu 2,000 amuweruza kale, sangathenso kuima pamaso pa ena. Magazi anapezeka bwino, mimba panalibe. Lamlungu anakwera basi ndi amayi ake. Mayeso sanalembe.

A Jekete anabwerera teremu yotsatira. Ine ndinamaliza, ndinavala gauni, ndinayamba ntchito ija ya ku Cairo Road imene ndidzakuuzani. Mu October 2019 BBC inatulutsa filimu ya Sex for Grades, ya mtolankhani Kiki Mordi, yokhudza aphunzitsi ovutitsa ophunzira pa zogonana ku University of Lagos ndi University of Ghana. Ndinaionera pa foni nthawi ya nkhomaliro. Chimene chinandilasa n'chakuti atolankhaniwo anadziyesa ophunzira n'kulowa okha m'maofesi a aphunzitsi ndi makamera obisika, ndipo Kiki Mordi anafotokoza yekha kuti nayenso anasiya yunivesite chifukwa cha mphunzitsi amene ankamuvutitsa. Iye anaika nkhope yake. Ine ndinaika ya mnzanga. Nsima ya tsiku limenelo ndinapatsa mlonda.

Zaka zisanu sitinalankhulane. Anandiimbira yekha Azakhali atamwalira, atamva kwa anthu. Anamaliza maphunziro pa koleji ina, akugwira ntchito, ali ndi kamwana kakakazi kamene kamakana kugona usiku, ndipo tinaseka kuti kadzidzi wabala kadzidzi. Za 2017 sitinakhudze mpaka mwezi watha, pamene ndinamutumizira gawo lino ndisanaliike pano. Anakhala nalo masiku 9. Anachotsa ndime ziwiri, anachotsa dzina la kwawo ndi la maphunziro athu, anasintha mtundu wa siketi. Anandikonzanso pa malo amodzi: ndinalemba kuti makisi anali 29, iye akuti anali 31, ndipo ndisamudyere awiriwo chifukwa anawavutikira yekha.