Sashiko pa bondo la jinzi: ulusi musaukoke

Sashiko ndi kasokedwe ka ku Japan kamene kanafala m'nthawi ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, makamaka m'midzi yozizira ya kumpoto ku Tohoku. Alimi ndi asodzi ankasanjikiza nsalu zakale za buluu n'kuzisoka ndi ulusi woyera wa thonje kuti zilimbe komanso zizifunditsa. Singano imangolowa n'kutuluka basi, koma ulusi ukakokedwa kwambiri ntchito yonse imawonongeka.

Poyambira pabwino ndi bondo la jinzi long'ambika. Chigamba mutha kudula ku jinzi yapakaunjika mumsika wa Zomba, koma ikhale ya thonje lokhalokha. Jinzi yotamuka ija isiyeni, imakwinyika ngakhale musoke mwaluso bwanji. Chigambacho chichapeni kaye, chifukwa nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi. Chiyikeni mkati, chipitirire bowo ndi masentimita 3 mbali zonse, n'kuchigwiriza ndi mapini.

Ulusi wa makina ndi wowonda kwambiri ndipo suoneka bwino. Ngati mulibe wa sashiko weniweni, tengani ulusi wa thonje wolukira nsalu za patebulo, mudule masentimita 50 okha. Wautali umapotana ndipo umatha ndi kukhulana ndi nsalu. Singano ikhale yaitali, pafupifupi masentimita 5, ya diso lalikulu. Mizere jambulani ndi rula ndi choko cha atelala kapena kachidutswa ka sopo kowuma. Bolopeni ayi, inki yake siichoka.

Sitichi yooneka pamwamba ikhale mamilimita 3, yapansi 2. Musamatulutse singano pa sitichi iliyonse. Dzanja lamanzere lizipinda nsalu kuti singano itole masitichi 4 mpaka 6 nthawi imodzi, kenako muikankhe ndi kachikopa komangirira patsinde pa chala chapakati, cha kuchikhatho.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mukangokoka ulusi, pitani ndi chala chachikulu ndi cholozera pamzere wonsewo, kusalaza nsalu kuyambira pomwe munayambira mpaka makwinya onse atha. Mukafika potembenuka, siyani kaulusi kolendewera kuseri, mamilimita 2 kapena 3. Kamaoneka ngati ulesi, koma ulusi nawo umafupika pochapa, ndipo popanda kampata kameneko chigamba chimafufuma ngati chitumbuwa. Bondo limapindika tsiku lonse, ndiye ulusi wothina umadula nsalu yakale imene mumafuna kuipulumutsa.

Pakona sitichi ithere pakona penipeni, apo ayi ngodya imakhala yobulungira. Pamene mizere ikudutsana, ulusi usapingasane pamwamba. Pa asanoha, chithunzi cha tsamba chooneka ngati nyenyezi, mizere yambiri imakumana pamodzi, ndipo pakatikati payenera kukhala popanda ulusi. Ine ndimati ongoyamba asathamangire asanoha. Yambani ndi seigaiha, chithunzi cha mafunde osanjikizana: chivindikiro cha botolo chimakujambulirani theka la bwalo lofanana nthawi zonse, ndipo pamzere wokhota masitichi angofupikako pang'ono.

Sokani mzere wa m'mphepete kaye, kenako mizere yopingasa yonse, yoimirira, yopendekera pamapeto. Mfundo musamange, imakanda bondo ndipo imamasuka. Ulusi ukatsala masentimita 8, bwererani kuseri pa masitichi 3 omaliza, mudule, n'kuyamba watsopano pamasitichi omwewo.