Zikomo nonse amene munakhala nafe patebulo

Abale ndi alongo, izi ndalemba mwana wanga atavomera yekha, koma dzina ndi chithunzi sindiika, ndi zomwe tinagwirizana. Lachisanu lapitali a CAMHS, amene amathandiza ana ndi achinyamata pa matenda a maganizo, kuno ku Manchester atitsanzika, akuti basi sitizipitanso kukiliniki sabata ndi sabata. Chaka ndi miyezi 7 tikulimbana ndi anorexia, matenda a maganizo amene munthu amadzimana chakudya poopa kunenepa, ndiye ndati ndithokoze pagulu.

Kunena zoona ine matendawa ndinkawatenga ngati a azungu. Mwana atayamba kumati wadya kale kusukulu ndinkangoti ndi za atsikana izi zitha zokha. Kumudzi atamuona pa video call ena anayamba kunong'ona za kachilombo, ena akuti walodzedwa, ndipo ine ndemwe tsiku lina ndinamukalipira kuti anzako ku Malawi akugona ndi njala iwe ukutaya nsima, mawu amenewo amandiwawabe mumtima mpaka pano. Sanali matama ayi. Mutu wake unkamuuza kuti ndi wonenepa pomwe nthiti zikuwerengeka, mu July, nthawi yotentha kuno, atavala majuzi awiri koma akunjenjemera, kumwezi anasiya, tsitsi likuthothoka, m'mikono mutamera tiubweya tofewa.

Zikomo kwa a GP, dokotala wa kudera kwathu kuno, amene atangomva kuti mtima ukugunda pang'onopang'ono anatitumiza kuchipatala tsiku lomwelo. Zikomo kwa nesi wausiku uja, ine ndinabwera ndi kontena yodzadza mpunga ndi nkhuku kuti mwana adye akhute, iye anandikhazika pansi kundifotokozera kuti thupi likakhala nthawi yaitali osadya ukalipatsa chakudya chambiri mwadzidzidzi michere ya phosphate ndi potassium imatsika m'magazi, mtima utha kuima. Nchifukwa chake ankamuyeza magazi tsiku ndi tsiku n'kumaonjezera chakudya pang'onopang'ono.

Koma ntchito yeniyeni inali kunyumba. Anatiphunzitsa njira ija inayambira ku Maudsley Hospital ku London, yoti makolo ndi amene aziika chakudya m'mbale, katatu patsiku kuphatikiza masnaki atatu, n'kukhala naye mpaka amalize, akamaliza kukhalabe naye kuti asakayambe kudumphadumpha kuchipinda. Phala la m'mawa linkatenga ola lathunthu, litazizira, misozi ikugwera momwemo, iye akunditukwana, ine ndikungobwereza kuti supuni ina mwanangu, ndili pompano. Bambo ake, inu munasinthira ku shifiti yausiku kuti masana muzikhala naye, mumabwera maso ali psuu koma simunadandaulepo, Mulungu akudalitseni. Mlongo wake wamng'ono amene ankabweretsa makhadi patebulo kuti achemwali aiwaleko mantha, zikomo mwanawe. Azakhali ake okwera sitima kuchokera ku Leicester Loweruka lililonse kuti ine ndigoneko, anzanga a ku care home amene munkanditengera mashifiti osafunsa zambiri, amayi akutchalitchi amene munatipempherera koma osatiuza kuti tisiye chipatala, ndi a Beat, bungwe lothandiza pa matenda ngati amenewa, amene ndinkawaimbira foni ndikulira m'galimoto, ndilibe chokubwezerani.

Agogo ake ku Dedza ndiye andigwira mtima kwambiri. Kwathu kuuza munthu kuti wanenepa ndi kumuyamikira, koma kwa mwana wodwala anorexia mawu amenewo atha kumubweza m'mbuyo masabata angapo. Tinawafotokozera, anavutika kumvetsa, koma anasiyiratu. Pafoni amangomufunsa za sukulu, n'kumuuza za mbuzi zawo zomwe zaswa.

Masiku ovuta akumabwerabe, ndiye chonde mukatipeza Lamlungu musanene chilichonse za thupi lake kapena mbale yake, ngakhale mwachikondi, ingomupatsani moni. Dzulo madzulo ndinaphika nsima ndi nkhwani zotendera, anasamba m'manja yekha osaitanidwa, anadya akucheza ndi bambo ake za mayeso, kenako anasuzumira mupoto n'kufunsa kuti amama ndiwo zatsalako? Ndinamupakulira, kenako ndinathawira kubafa kukalira.