Queen ya diamonds imene ndinaisakira mbali yolakwika

Mwezi watha, pa masewera a makadi a bridge, ndinagwa pa 3NT (lonjezo lodya ma trick 9 mwa 13 popanda mtundu wa makadi woposa inzake; trick ndi makadi anayi oponyedwa ulendo umodzi, limodzi kwa wosewera aliyense) imene inalibe chifukwa chogwera, ndipo chimene chikundipwetekabe n'chakuti gawo lovuta la sewerolo ndinali nditalidutsa bwinobwino.

Ndinatsegula ndi 1NT (lonjezo la ma trick 7) ndili ndi mapointi 15 a makadi akuluakulu, mnzanga n'kukweza mpaka 3NT. Ine ndinali ndi spades A 9 3, hearts A 8 4, diamonds K 9 2 ndi clubs A 7 5 3. Mu dummy, makadi a mnzanga oyalidwa patebulo amene ndimasewera ine, munali spades 7 4, hearts K 6 3, diamonds A J 10 8 5 ndi clubs K 6 2. Mdani wa kumanzere kwanga anayamba ndi 6 ya spades.

Ndisanagwire khadi lililonse ndinawerenga ma trick otsimikizika: imodzi ya spades, ziwiri za hearts, ziwiri za diamonds ndi ziwiri za clubs, zonse pamodzi 7. Ziwiri zotsalazo zinayenera kuchokera ku diamonds, ndipo ngakhale queen itadya kamodzi, ndikanatsalabe ndi ma trick 4 a diamonds, amene ndi okwanira kufikitsa 9. Choopsa chinali spades basi, chifukwa kumeneko ndinali ndi chotchinga chimodzi chokha.

Mdani wa kumanja anaika queen ya spades, ndipo ndinamusiya kuti adye. Anabwereza ndi 10, ndinamusiyanso, motsatira lamulo la 7 lija lakuti pa 7 uchotse makadi a mtunduwo amene uli nawo pamodzi ndi dummy. Kwa ine inali 7 kuchotsa 5, kutanthauza kusiya kawiri. Pa trick yachiwiriyo wa kumanzere anagwetsa 5, khadi laling'ono kuposa 6 imene anayamba nayo, ndipo popeza anthuwa amayamba ndi khadi lachinayi kuchokera pamwamba, zinaonekeratu kuti iye anali ndi spades zisanu, mnzake zitatu. Nditadya yachitatu ndi ace, wa kumanja analibenso spades, pamene wa kumanzere anali atasungabe king ndi jack.

Apa ndi pamene ndinasochera. Ndinayamba kudzifunsa kumene queen ya diamonds ili, ndipo ndinaganiza kuti munthu wa spades zochepa ali ndi malo ambiri a makadi ena, choncho queen iyenera kukhala kumanja. Maganizowa si opusa, ndipo pa dzanja lina akhoza kuthandiza. Ndinapita ku ace ya mu dummy, n'kutulutsa jack, n'kuisiya kuti idutse. Wa kumanzere anaidya ndi queen mosafulumira n'komwe, kenako anayala king ndi jack za spades, ndipo adaniwo anakwanitsa ma trick 5.

Funso loyenera linali lakuti ndani mwa adani awiriwa ndingamulole kudya. Ndikanayenera kuyamba ndi king ya m'manja mwanga, kenako kutulutsa 9 n'kuisiya kuti idutse, kuti ngati finesse (kuyesa kudya ndi khadi laling'ono poyembekezera kuti queen ili kwa amene waponya kale) ikanika, adye ndi wa kumanja, amene akanangobweza heart kapena club, kumene ndinali ndi zotchinga ziwiriziwiri. Njira imeneyi imagwirabe ntchito ngakhale diamonds zitagawika 4-1 kapena 5-0, chifukwa queen ikangochoka, 10, 9 ndi 8 zimaposa makadi onse otsala a adani. Ngakhale spades zikanakhala zinayi mbali iliyonse, ndikanataya ma trick 4 okha. Kuponya ace ndi king poyembekezera kuti queen igwa yokha kukanakhala koipa kwambiri, popeza makadi 5 akakhala kunja zimenezi zimatheka pafupifupi kamodzi pa katatu, ndipo zikakanika sungasankhenso amene adye.

Mnzanga, amene amalankhula pang'ono patebulo, anadikira mpaka makadi atabwezedwa m'malo mwake asananene kuti: "Inu, queen ija mumaifunira chiyani, pamene mumangofunika ma trick awiri?" Ndinalibe choyankha. Popeza queen inali kumanzere, njira yotetezeka ija ikanabweretsa diamonds zonse zisanu ndi ma trick 10, kutanthauza mapointi 430 kwa ife, koma papepala panalembedwa 50 ya adani athu.