Ulendo wachitatu m'nkhalango muja, driver sinatuluke m'chikwama

Loweruka ndinapitanso ku bwalo la disc golf (masewero oponya disiki mpaka ilowe m'dengu la matcheni, wopambana ndi woponya kochepa) la m'nkhalango lija. Aka nkachitatu, ndiye tsopano ndikhoza kulinena bwino. Ulendo woyamba sindikanaweruza kanthu, ndinangokhalira kufunafuna madisiki m'tchire uku ndikukalipira mitengo. Madengu alipo 18, lililonse par 3 (ndiye kuti umayembekezeka kulowetsa disiki poponya katatu), onse pamodzi 54. Tsiku loyamba ndinapyola ndi 17, lachiwiri ndi 12, dzana lija ndi 7 basi. Si zoti nkuimbira lipenga, koma ndinabwerako ndikumwetulira ndekha.

Mkono ndi womwewu, sunawonjezere mphamvu. Chasintha nchakuti Destroyer yanga, driver kapena kuti disiki yoponyera kutali, ndinaisiya m'chikwama tsiku lonse. Manambala osonyeza kaulukidwe kake ndi 12, 5, -1, 3, ndipo 12 ameneyo, yemwe ndi wa liwiro, akufuna mkono waliwiro lomwe ine ndilibe. Ndikaiponya backhand (kuseri kwa dzanja kuli kutsogolo) ndi dzanja lamanja imafulumira kugwera kumanzere, kumenya thunthu, n'kudumphira m'minga kutali ndi njira. Bambo wina wachikulire amene ndinakumana naye ulendo wachiwiri anandiyang'ana ndikutuluka m'zitsamba, miyendo yokalikakalika, n'kunena kuti, "Achimwene, muno simufuna mtunda, mufuna kulunjika." Ndinamvera. Loweruka ndinaponya Buzzz pafupifupi paliponse. Ndi midrange, disiki ya mtunda wapakati, ya 5, 4, -1, 1, imauluka mowongoka ngati yamangidwa pa chingwe, ndipo ikagunda mtengo imangogwa pafupi pomwepo.

Tsono za bwalolo. Kwa ine bwalo la m'mitengo limakhala labwino ngati ukaima poponyera ukuiona njira, ngakhale ikhale yopapatiza chotani. Ukaphonya uzidziwa kuti walakwa ndiwe. Nambala 4 ndi yotero ndipo ndimaikonda zedi. Ndi mamita ngati 70, ndipo chapafupi ndi poyambira pali mitengo iwiri ikuluikulu yoima ngati mafelemu a chitseko, mpata wake mwina mamita atatu. Ukadutsa pamenepo, kutsogolo kwayera mpaka pa dengu. Maulendo awiri oyamba ndinamenya mtengo wakumanja, khungwa lake lachita kusupuka chifukwa cha anzanga ena ophonya ngati ine. Ulendo uno disiki inadutsa pakati penipeni, osakhudza ngakhale tsamba, n'kukatera masitepe asanu kuchokera pa dengu. Birdie (kulowetsa ndi kuponya kumodzi kochepera pa par) yanga yoyamba pa bwalo lino. Kulira kwa matcheni kuja ndinakumva mpaka m'mafupa. Pena ndimaganiza kuti Ed Headrick, pokonza dengu la matcheni m'zaka za m'ma 1970, ankadziwa kuti anthu tidzakopeka ndi phokoso lokhalo. Pa bwalo lake loyamba, ku Oak Grove Park ku California mu 1975, anthu ankangogenda mapolo. Sindikhulupirira kuti ine zikanandigwira mtima.

Nambala 9 nayo ili bwino, imakhotera kumanja ndipo imakukakamiza kuphunzira forehand (kuponya chikhato chili kutsogolo) kapena kupendeketsa disiki kuti ikhote. Forehand yanga ikadali yamanyazi, imagwedera m'mwamba ngati mbalame yothyoka phiko, choncho ndinadalira disiki ya Leopard n'kupulumuka ndi par.

Koma nambala 13 ayi, ndaikana. Palibe njira. Timitengo tating'onoting'ono tangoti mbwee paliponse, ndipo chimene umachita n'kuponya basi, kwinako n'kupemphera. Ine ndinaponya bwinobwino, kamtengo kochepa ngati dzanja langali n'kuigwetsa disiki pa mamita 15. Mnzanga disiki inam'pulumuka m'manja, iye mwini anafuula kuti yaipa, koma inazembera timipata tonse mpaka pansi pa dengu. Tinaseka, komabe amenewo si masewero, ndi maere. Atadula timitengo tinayi kapena tisanu, 13 ingasanduke imodzi mwa zabwino kwambiri.

Zina zondidandaulitsa ndi zing'onozing'ono koma zimawunjikana. Poponyera pa madengu asanu ndi anayi oyamba pali simenti yabwino yosaterera. Kuyambira 10 ndi dothi lokumbika ndi mizu yotuluka, moti pothamangira maso amakhala pansi m'malo mokhala pa mpata. Ukamaliza 11 palibe muvi wolozera kotsatira, ulendo woyamba tinazungulira mphindi khumi. Pa 16 pali mando, mtengo umene disiki iyenera kudutsa mbali imodzi yokha, apo ayi chilango ndi kuponya kumodzi kowonjezera, koma utoto wa muvi wake unafufutika, tinachita kukangana kuti ndi uti. Ndiponso poyambira 8 payandikana kwambiri ndi dengu la 7. Tsiku lina wina adzalandira disiki pamutu.

Tchire la m'mbali mwa 14 linandidyera disiki yanga ya Teebird yofiira. Lamulo la PDGA, bungwe loyang'anira masewerowa, limapereka mphindi zitatu zofunafuna, zikatha umabwerera pomwe unaponyera ndi chilango chimodzi. Tinafuna zitatuzo, ndinalemba chilango, titamaliza masewero ndinabwereranso ndekha kwa theka la ola. Ziii. Nambala ya foni ndinalemba kunsi kwake, mwina wina adzaimba. Yofiira pa masamba ouma sindidzagulanso, ndikufuna yapinki yowala.

Madengu okha ndilibe nawo mlandu, matcheni ndi olemera bwino, sakulavula disiki. Pophonya ndinkaphonya ndekha, makamaka mkati mwa mamita 10, pomwe suloledwa kugwera kutsogolo ukaponya. Ndinataya zinayi zapafupi zoti mwana akanalowetsa.

Ndikaliika pa sikelo ndilipatsa 7 pa 10, ndipo 13 yokhayo yadya mfundo yathunthu. Sabata yamawa ndinyamula madisiki awiri okha, Buzzz ndi Aviar (putter, disiki yolowetsera pafupi ndi dengu), ndione ngati ndingatsike pansi pa 60. Madzulo aliwonse mpaka tsikulo ndiziponya putter makumi atatu pa mamita 6.