Thuchila uti? Zimene ndaphunzira pa linked data

Kwa miyezi itatu tsopano ndakhala ndikuphunzira Django, chida chopangira mapulogalamu a pa intaneti m'chiyankhulo cha kompyuta cha Python, madzulo ndikaweruka, kuno ku Chitakale. Zitsanzo za m'maphunziro a pa intaneti zimakhala za masitolo ndi mabuku a kunja, ndiye ndinati ndipange kanthu kakwathu: kapulogalamu kosunga mayina a malo a kuno ku Mulanje. Ndinapanga model (dongosolo la mmene zinthu zisungidwire mu table ya database) ya mitsinje, ya nsonga za phiri, ya tinyumba togonamo anthu okwera phiri, ndi ina ya malo a malonda. Kuika API, khomo limene mapulogalamu ena amapempherapo data, pamwamba pake sikunandivute. Django REST framework imakuchitira zambiri: ukalemba serializer yosandutsa data, ndi kuilumikiza ku view yoyankha wopempha, basi JSON, kalembedwe ka data kamene mapulogalamu amatumizirana, yayamba kutuluka.

Tsiku limene zinatheka ndinathamangira kwa malume anga, amene pa unyamata wawo ankanyamulira alendo katundu kuphiri. Ndinawaonetsa pa foni, panali nambala 14 ndi dzina loti Thuchila.

"Malume, onani, malo anu aja ndawalowetsa mu kompyuta."

Anayang'ana kanthawi, kenaka anati, "Ukunena Thuchila uti, mphwanga? Mtsinje, kanyumba ka pamwamba paja, kapena dera la kumunsi kuno?"

Ndinasowa choyankha. Ineyo ndinkadziwa kuti nambala 14 ija inali ya mu table ya tinyumba, koma zimenezo zinali m'mutu mwanga mokha. Munthu wina, kapena pulogalamu ina, akanangoona dzina ndi nambala. Nditaganiza bwino ndinaona kuti vutoli lili ponseponse kwathu kuno. Lichenya ndi mtsinje, ndi chigwa cha pamwamba pa phiri, ndiponso ndi kanyumba. Dzina loti Mulanje lenilenilo limatchula zinthu zitatu: phiri, tawuni ya paboma, ndi boma lonse mpaka ku Muloza. M'mabuku a nthawi ya atsamunda mupeza Mlanje, monganso Thyolo ankalembedwa Cholo. Ife tikamacheza timamvana chifukwa nkhani imatilondolera. Kompyuta ilibe nkhani yoilondolera.

Funso la malume lija ndi limene linandifikitsa pa linked data, njira yolumikizira data pa intaneti kuti makina adziwe chimene dzina lililonse likunena. Kwathu kuno tikati data ambiri timaganiza za bandulo ya pa foni, koma pano ndikunena zimene zasungidwa mu database. Ganizoli analilongosola ndi Tim Berners-Lee, amene anayambitsa World Wide Web, mu 2006, ndipo ndi lalifupi zedi. Chinthu chilichonse uchipatse dzina lakelake lotchedwa URI. Dzinalo likhale la HTTP, ngati adiresi ya tsamba la pa intaneti, kuti munthu athe kulitsegula. Akalitsegula apeze zothandiza, zolembedwa m'njira yogwirizana ngati RDF. Ndipo m'menemo mukhale ma URI a zinthu zina, kuti wofufuza apitirire ulendo. Nditawerenga koyamba ndinaona ngati palibe chachilendo. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti API yanga sinkachita ngakhale chimodzi mokwanira. Nambala 14 inali ngati dzina la pakhomo limene amakuitana nalo agogo ako. Ukafika nalo ku Limbe palibe amene angakudziwe.

RDF inandizunguza mutu kwa sabata yathunthu mpaka ndinakumbukira phunziro la Chichewa ku pulayimale. Aphunzitsi ankatigawitsa chiganizo patatu: mwininkhani, mneni, pamtherankhani. RDF ndi zomwezo. Chilichonse chimene ukudziwa umachinena m'tiziganizo ta magawo atatu. Nsonga ya Sapitwa ili pa phiri la Mulanje. Kanyumba ka Chisepo kali pafupi ndi Sapitwa. Kusiyana kwake n'koti mwininkhani ndi URI, mneni nayenso ndi URI, ndipo pamtherankhani pamakhala URI ina kapena mawu kapena nambala. Nditaona zimenezi, ma model anga anayamba kuoneka mwatsopano. Mzere uliwonse wa mu table ndi mwininkhani. Field iliyonse, kapena kuti danga lililonse la mu mzerewo, ndi mneni. ForeignKey, imene kale ndinkaiona ngati nambala chabe yolozera table ina, ndiye ulalo weniweniwo.

Pa mneni m'pamene ndinakhalitsa, ndipo ndikuona kuti m'pamene pagona ntchito yonse. Mu model yanga munali field yotchedwa kutalika. Pa Sapitwa ndinalemba 3002. Pa mtsinje wa Ruo ndinkafuna kulembanso kutalika. Koma pa Chichewa mawu amenewa amanyamula zambiri: kutalika kopita m'mwamba, kutalika kwa chinthu chogona, ngakhale kutalika kwa mtunda. Nanga 3002 ndi mamita kapena mafiti? Ine ndikudziwa kuti ndi mamita kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere, koma JSON yanga sinkanena. JSON-LD, njira yolembera linked data mu JSON, imene bungwe la W3C loona za malamulo a kalembedwe ka pa Web linaivomereza mu 2014 ndi kuikonzanso mu 2020, imathetsa izi ndi kagawo kotchedwa @context. M'menemo umalemba kuti mawu akuti a mu JSON yanga akuimira URI yakuti. Sindinafunike kupeka matanthauzo anga, chifukwa schema.org, mndandanda wa mawu ogwirizana olongosolera zinthu, imene Google, Microsoft ndi Yahoo anaiyambitsa mu 2011, ili kale ndi Mountain, RiverBodyOfWater, containedInPlace ndi elevation. Field ija ndinaigawa pawiri. Chimene chinandikondweretsa n'choti mayina a Chichewa sindinawachotse. Wowerenga JSON amaonabe dzina ndi dera, pamene makina amatsatira @context.

Chinanso chimene chinandikhudza mtima ndi chizindikiro cha chiyankhulo. Mu RDF mawu alionse ukhoza kuwamata kachizindikiro konena chiyankhulo chake, ndipo cha Chichewa ndi ny. Choncho mtengo wathu wotchuka wa pa phiri la Mulanje ndinaulemba mkungudza ndi ny, dzina lachingerezi ndi en, ndipo dzina la sayansi, Widdringtonia whytei, lili pambali pake. Chilomwe cha kuno ku Malawi nachonso chili ndi chizindikiro chake, lon. Agogo anga aakazi ankatchula malo ena m'Chilomwe, ndiye ndasiya mpata woti mayinawo adzalowe ndikawasonkhanitsa.

Tsopano cholakwa changa chachikulu. Mnzanga wina wa ku Luchenza, amene naye akuphunzira, akusonkhanitsa za milatho, ndipo anayamba kugwiritsa ntchito ma URI anga ponena kuti mlatho wakuti uli pa mtsinje wakuti. Ma URI amenewo ndinawapanga ndi nambala imene database imapereka yokha. Tsiku lina ndinafufuta zonse n'kuzilowetsanso mwatsopano pofuna kukonza zina, manambala n'kusuntha. Mawa lake anandiimbira: "Achimwene, mlatho wanga wa pa Ruo ukuoneka kuti uli pa Likhubula. Mwatani kumeneko?" Kwa ine zonse zinkayenda bwinobwino, palibe error ngakhale imodzi. Zinaonongeka ndi zake, popanda iye kukhudza chilichonse. Zinandipweteka, chifukwa anataya madzulo athunthu akufufuza vuto kumbali yake. Berners-Lee yemweyo anachenjeza kale mu 1998 kuti URI yabwino siisintha, koma ine ndinazimvetsa tsiku limenelo. Pano chinthu chilichonse chili ndi field yakeyake ya dzina losasintha, ndipo URI imachokera pamenepo: mtsinje/thuchila, kanyumba/thuchila, dera/thuchila. Ndikasintha maganizo pa dzina lina, lakale ndimalisiya likulozera ku latsopano.

Za kutulutsa data m'maonekedwe osiyanasiyana sizinanditengere nthawi. Wopempha amanena chimene akufuna mu Accept header, kagawo ka pempho lake: akati application/ld+json ndimampatsa JSON-LD, akati text/turtle ndimampatsa Turtle, kalembedwe kena ka RDF. Mu Django REST framework ndi nkhani yongolemba renderer ina, ndipo rdflib ya Python imasandutsa yokha. Chimene ndinayenera kusamala ndi kuchuluka kwa mafunso opita ku database, popeza kanyumba kalikonse kankakafunsa payokha za dera lake; select_related inakonza zimenezo.

Pali mfundo ina imene poyamba ndinaiona ngati mkangano wa anthu ophunzira kwambiri. Amati URI ya phiri ikhale yosiyana ndi URI ya tsamba lonena za phirilo. Ndinaimvetsa nditafuna kulemba tsiku limene ndinapanga tsamba la Sapitwa. Ndikanalimata pa URI imodzi yomweyo, makina akanawerenga kuti nsonga ya Sapitwa inapangidwa mwezi watha. Njira zilipo ziwiri, kutumiza wopempha kwina ndi yankho la HTTP la nambala 303, kapena kuika # kumapeto kwa URI. Ndasankha yachiwiriyi chifukwa imapulumutsa ulendo umodzi wopita ku server, ndipo amene amagwiritsa ntchito netiweki ya kumidzi kwathu akudziwa kuti ulendo uliwonse ndi ndalama. Pa chifukwa chomwecho @context ndinaiika pa fayilo yakeyake, kuti isamabwere yonse pa yankho lililonse.

Kulumikiza ndi zakunja ndikuchita pang'onopang'ono, pamanja. Wikidata, nkhokwe ya data ya pa intaneti yotseguka kwa aliyense imene inayamba mu 2012, ili ndi zinthu zosiyana za phiri la Mulanje, tawuni ndi boma, ndipo ndisanalembe sameAs ndimatsegula kaye kuti nditsimikize kuti ndi chimene ndikunenacho. Mawu amenewa ndi olemera: ukulengeza kwa aliyense kuti ziwirizi ndi chinthu chimodzi. SPARQL, njira yofunsira mafunso pa data ya RDF, ndaiyesa pa Wikidata ndipo ndi yamphamvu, koma kuika yanga pa kapulogalamu ka malo ochepa chonchi ndikuona kuti n'kudzisenzetsa mtolo nthawi isanakwane. Mnzanga uja anapempha kuti ndionjezere mayina ndi manambala a foni a anyamata operekeza alendo kuphiri. Ndakana. Zimene zalumikizidwa zimayenda mtunda wautali, ndipo eni ake sindinawafunse.

Lamulungu lapitali ndinabwereranso kwa malume ndi foni ija. Ndinawaonetsa a Thuchila atatu, aliyense ndi malo ake, ndipo ndinadina pa kanyumba kuti aone kakuwatengera ku phiri, phiri n'kuwatengera ku Sapitwa. Anagwedeza mutu, kenaka anafunsa za Chambe, chifukwa nayo ndi nsonga, ndi chigwa, ndi kanyumba, ndipo ine ndinali nditalemba ziwiri zokha. Tapangana kuti Loweruka ndipite ndi kope, iwo azitchula, ine ndizilemba, kuyambira ku Likhubula mpaka ku Sombani.